Vinyo wa pa ukwati ndikagule kuti motsika mtengo?

Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. Mchemwali wanga akumanga ukwati mu Okutobala kuno ku Angónia, ndipo ankhoswe andipatsa ntchito yopeza vinyo wa alendo pafupifupi 150. Ndalama ndi zochepa ndithu, zambiri zalowa ku mpunga ndi nyama.

Kodi ndigule wa m'zigubu za malita 5 kapena wa m'mabotolo? Ndawerengera kuti chigubu chimodzi chimatulutsa makapu oposa 30, koma ndikuopa kuti akuchimuna angaone ngati tawapeputsa. Nanga opikulitsa amene amatsitsako mtengo ukagula wambiri ali mumzinda wa Tete kapena ku Moatize? Ndi kutentha kwa ku Tete mwezi umenewo, vinyo sangawonongeke pa ulendo? Amene munagulapo, chonde ndiuzeni munalipira meticais angati.