Kodi makina ojambula kuwala kwa zala amapezadi matenda?

Nambewe, Area 25:
Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za chipatala. Mayi anga anapita kwa anthu ena ogulitsa mankhwala m'tauni muno, ndipo anawauza kuti aziika chala chimodzichimodzi pa galasi la kabokosi kolumikizidwa ku kompyuta. Panatuluka chithunzi cha munthu wozunguliridwa ndi kuwala, ndipo polozera pamene kuwalako kunadukiza, anati impso zayamba kufooka, choncho agule mabotolo awo. Kodi makina amenewa ndi odalirika?

Aphunzitsi a sayansi, Kawale:
Mayi Nambewe, kuwalako kumaonekadi, koma sikuchokera m'ziwalo za m'thupi. Mu 1939 Semyon Kirlian wa ku Krasnodar m'dziko la Russia anaona kuti chinthu chikaikidwa pamalo odutsa magetsi amphamvu kwambiri, mpweya wochizungulira umathetheka, ndipo m'zaka za m'ma 1990 Konstantin Korotkov wa ku St Petersburg anapanga makina ojambula kuwala kwa zala otchedwa GDV potengera zomwezo. Ndalama yachitsulo nayonso imawala ikaikidwapo, chonsecho ilibe impso. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya Science mu 1976 anasonyeza kuti chinyezi cha pakhungu chimasintha kwambiri chithunzicho. Munthu woyenda wapansi kuchokera ku depoti dzuwa likuswa mtengo, m'manja muli thukuta, akasamba ndi kupukuta zala n'kujambulidwanso, chithunzi chake chidzakhala china, pomwe impso ndi zomwezo.

Bambo Mbewe, Biwi:
Komabe malume anga anauzidwa ndi makina otere kuti magazi awo akuthamanga, ndipo kuchipatala anatsimikiza. Tisafulumire kuwanyoza.

Namwino, Area 18:
Bambo Mbewe, vuto la kuthamanga kwa magazi n'lofala pakati pa achikulire moti woloserayo angathe kulasa popanda makina alionse. Chimene chimandiwawa ine n'choti odwala ena amasiya mankhwala a BP kapena a shuga chifukwa cha mabotolowo, pamene matenda awiriwa ndiwo amawononga impso kwambiri, ndipo ena amafika ku Kamuzu Central akufunika kale makina osefa magazi. Impso zimayezedwa ndi magazi, poona mlingo wa creatinine (zotsalira za m'thupi zimene impso zimasefa m'magazi), komanso ndi mkodzo. Mayi Nambewe, pitani nawo mayi kuchipatala, mutenge mabotolowo kuti adokotala awaone, ndipo mufunse ngati wowayeza ndi makina uja analembetsa ku Medical Council of Malawi, bungwe lolembetsa madokotala.