Pansi pa sitingi rumu pakufumbuka, ndiike matailosi kapena simenti yomweyo?

NaBanda wa ku Chankhanga:
Abale anga ndithandizeni maganizo. Pansi pa sitingi rumu yanga pang'ambika malo angapo ndipo simenti ikufumbuka, ukasesa kumangotuluka mchenga, polishi ndasiya kupaka chifukwa sakugwira. Chipindacho ndi 4 mita kwa 4 mita. Mmisiri wina akuti tingothira simenti yatsopano pamwamba, wina akuti matailosi basi. Ndalama ndili nayo yochepa ya soya, chotchipa koma cholimba ndi chiti?

Kapitawo_KU:
Mayi, musanagule kanthu tengani hamala mugogode pansipo malo ndi malo. Pomwe pakulira ngati ng'oma ndiye kuti mkati muli mphako, mwina dothi sanalitsendere bwino pomanga kapena chiswe chalowa, pamenepo pafunika kuswa, kuthira mankhwala a chiswe nkutsenderanso. Zongothira pamwambazo ayi ndithu, simenti yatsopano sigwira pa polishi, imadzasendeka yonse. Aseme kaye pansipo pakhale pokhakhala, atsuke, apake phala la simenti kenako ndiye matope. Pa 16 sikweya mita, kukhuthala kwa 3 sentimita, konzekerani matumba 4 kapena 5 a 50kg, muyezo wake simenti imodzi mchenga itatu kapena inayi. Mchenga ukhale wa kumtsinje wokhakhala uja, wa mmsewu uli ndi dothi ndipo ndi umene umafumbutsa pansi. Simenti kuno sivuta kupeza poti fakitale ya Shayona ili konkuno ku Kasungu, koma pogula nenani kuti ndi ya pansi, pali ina yopangira pulasitala.

MwanaWaChamama:
Ine ndinganene matailosi anaBanda, mukaika mwaiwala za polishi mpaka kalekale. Kungoti mtengo wake anthu amangowerengera mabokosi, amaiwala zomatira, girawuti yotsekera mmipata ya matailosi, timapulasitiki tosiyanitsira mizere ndi ya mmisiri yemwe amatchaja pa sikweya mita. A 60 kwa 60 amakhala 4 mbokosi, ndi 1.44 sikweya mita, ndiye inu mufunika mabokosi 12 koma gulani 13 chifukwa ena amasweka podula ndipo mukadzabwerera kushopu mtundu umenewo mudzapeza unatha. Osagula onyezimira kwambiri ngati pakhomo pali agogo, akanyowa amaterera zoopsa.

Kapitawo_KU:
Zoona achimwene koma matailosi pa simenti yofumbuka amadzuka, ndiye kukonza pansi kuja sangakuthawe, alipira kawiri. Ngati ndalama ndi yochepa apange simenti yabwino chaka chino, asaisalalitse kwambiri, matailosi adzaike akadzakolola. Akafuna yofiira ija ndi red oxide, amasakaniza ndi simenti youma nkuwaza matope asanaume, koma pansi poterepo matailosi sadzagwira mpaka asemenso.

NaBanda wa ku Chankhanga:
Zikomo bambo, ndagogoda ndipo chakukhomo kukulira ndithu. Nanga tingayambe kupondapo liti? ana anga sakhazikika.

Kapitawo_KU:
Masiku awiri asaponde aliyense, ndipo muzithira madzi mmawa ndi madzulo kwa masiku 7, ndi kutentha kwa Okutobala kuno ikauma msanga ing'ambikanso. Phimbani ndi masaka onyowa. Mipando idikire sabata ziwiri. Mmisiriyo mugwirizane mtengo wa ntchito yonse asanayambe, osati pa tsiku, zipangizo mukagule nokha ndipo musamupatse ndalama yonse asanamalize.