Agulupu akufuna kugawa dambo, ndikawayankhe bwanji?

Mlangizi wa zaulimi: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kudera kwanga kuli dambo lomwe makolo ankaletsa kulima, mtsinje umadutsamo usanakathire m'nyanja ya Malombe. Pano anthu achuluka, ndiye agulupu akufuna kuligawa, ena alime madimba, ena aumbe njerwa. Akuti malo ongogona alibe phindu. Msonkhano uli Lachisanu.

Wa zausodzi: Achimwene, musapite nokha, mutenge a BVC, komiti ya kugombe yoyang'anira za usodzi. Makomitiwa anayambira ku Malombe konkuno mu 1993 chambo chitayamba kusowa, ndiye nkhaniyi amaidziwa. Malombe ndi nyanja yosaya. Bango ndi udzu wa m'dambo ndi zomwe zimagwira matope, komanso tiana ta nsomba timabisala momwemo. Mukalima mpaka m'gombe, dothi lonse likathera m'nyanja. Asodzi akalankhula okha, agulupu amva msanga kusiyana ndi inu wa boma.

Mayi wa zankhalango: Zoona, koma osayamba ndi malamulo, anthu amangoti mwabwera kudzalanda malo. Ine ndimawafunsa iwo eni: udzu wofolera mumamweta kuti? Mu Okutobala ng'ombe ndi mbuzi zimadya kuti? Zitsime zosaphwa zili mbali iti? Amayi ndi amene amayankha bwino, chifukwa chitsime chikaphwa oyenda mtunda ndi ndowa ndi iwowo. Muwakumbutsenso za 2024, nyanja ya Malawi itadzaza mpaka madzi kulowa m'nyumba za m'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire. Madzi otere akapeza dambo amafalikira momwemo, akalisowa amalowa m'mudzi.

Mlangizi wa zaulimi: Nanga amene alibiretu polima? Njala yawo ndi yeniyeni amayi, sindingangowauza kuti ayi.

Mayi wa zankhalango: Musawakanize zonse. Yendani nawo, mugwirizane malire. Kumtunda kouma alime, m'malire mubzale udzu wa vetiva, m'mphepete mwa mtsinje nsungwi ndi nsenjere. Mkatimo khasu lisalowe. Njerwa zokha ndiye ayi ndithu, maenje aja sakwiririka ndipo uvuni umatha mitengo. Mbali yomwe kuli mitengo itha kukhala nkhalango ya m'mudzi, lamulo la zankhalango la 1997 limalola, komiti ya m'mudzi n'kumayang'anira.

Wa zausodzi: Ndipo zilembedwe, agulupu ndi a T/A asaine. Zapakamwa zimatha mfumu ikasintha.

Mlangizi wa zaulimi: Zikomo nonse. Mawa ndikaonana ndi wapampando wa BVC, Lachinayi tikayendera malire. Amene ali ndi mbewu ya vetiva pafupi andiuze, ndidzatenga pa njinga yamoto.