Corolla yanga anaichotsa thermostat, ndikufuna kuibwezera ndekha pakhomo

MphunzitsiWaKuDedza

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kodi munthu amene si makaniko angathe kuika yekha thermostat, kachipangizo kosunga kutentha koyenera kwa injini, mu Toyota Corolla NZE121, ya injini ya 1NZ-FE, osaononga kanthu?

Galimotoyi ndinagula kwa mnzanga wa ku Lilongwe. Pogulitsa anandiuza mosabisa kuti inkaboila, ndiye makaniko wake anachotsamo thermostat, ati kuno n'kotentha, kachipangizoko anapangira anthu a ku Japan kumene kumazizira. Koma ine ndimakhala ku Dedza, ndipo amene anagonako kuno mu Juni akudziwa mmene kumakhalira. M'mawa popita kusukulu muvi wa geji ya kutentha kwa injini sudzuka pa C, pozizira paja. Pachitunda umasunthako pang'ono, ndikangoyamba kutsetsereka wabwereranso pansi. Hita ikutulutsa mphepo yozizira, moti kukachita chifunga galasi lakutsogolo limadzaza nthunzi mkati, ndimayendetsa kwinaku ndikupukuta ndi kansalu, ana ali kumbuyo. Chimenechi ndiye chikundisowetsa mtendere, makamaka pa M1 pamene mathiraki amangotulukira m'chifunga muja. Petulo nayenso akutha msanga kusiyana ndi Corolla ya aphunzitsi anzanga, chonsecho timayenda msewu umodzi.

Oilo ndi mapulagi ndimasintha ndekha. Ndili ndi masipanala, bokosi la masoketi, pulayasi ndi jeki. Ndiuzeni pamene thermostat imakhala pa injini imeneyi, ndigule ya madigiri angati, ndipo ndikatsanula madzi akalewa ndithiremo ati. Panopa muli madzi a pampopi, ofiirira ndi dzimbiri.

DalaivalaWaKuNchalo

Aphunzitsi, isiyeni mmene iliri. Ine ndimayendetsa minibasi kuchokera kuchigwa kukwera ku Blantyre, ndipo mu Okutobala pa Thabwa paja ndaonapo magalimoto ambiri ataima, boneti ili m'mwamba, utsi uli tolotolo. Yanga thermostat inakanirira yotseka tili pakati pa phiri, okwera ali odzaza, silinda hedi n'kupindika. Ndalama zimene ndinalipira pokonza sindidzaziiwala. Chichokereni tsiku limenelo mulibemo, ndipo sinaboilenso. Kuli bwino kuonongako petulo pang'ono kusiyana ndi kugula injini. Za galasizo tsegulaniko windo pang'ono, nthunzi imachoka.

MkuluWaPaGaraja

Achimwene a ku Nchalo, zimene zinakuchitikiranizo n'zoona, thermostat yokalamba ikhoza kukanirira yotseka n'kuwotcha injini. Koma mankhwala ake ndi kuikamo yatsopano, chifukwa sikuti imatenthetsa injini ikakhala yabwinobwino. Mkati mwake muli phula. Madzi akafika pa madigiri 82 phulalo limafufuma n'kukankha valavu, madzi n'kuyamba kupita ku rediyeta. Pofika cha m'ma 95 imakhala yatseguka yonse, ndiye pa Thabwa mu Okutobala siitchinga chilichonse. Komanso ya pa 1NZ ili ndi kambale kena kumbuyo kamene kamatseka njira yachidule ya madzi, ya bypass ija, injini ikatentha. Mukaichotsa njirayo imakhala pululu, madzi ena amangozungulira mu injini momwemo osakafika ku rediyeta. N'chifukwa chake galimoto yopanda thermostat ikhoza kuzizira kwambiri potsetsereka koma n'kudzatenthanso pachitunda itanyamula katundu.

Aphunzitsi, zimene mukuonazo zikugwirizana zonse. Kompyuta ya galimoto ikamaona kuti madzi ngozizira imaganiza kuti injini yangodzuka kumene, imaonjezera petulo. Petulo wochulukayo amatsuka oilo m'masilinda, wina amatsikira mu oilo, ndipo chinyezi chimene chikanauma ndi kutentha chimatsalira n'kupanga utoto wakuda uja. Injini imadyeka mwakachetechete. Ngati yanu ndi automatic mwina mwaonanso kuti imachedwa kulowa giya yomaliza m'mawa.

Ntchitoyo mungaithe. Gulani ya madigiri 82, nambalayo imalembedwa pachitsulo pomwepo, ndipo ikhale ndi labala yake yatsopano yozungulira m'mphepete. Yakale musabwezere, ngakhale ioneke bwino. Pogula tengani nambala ya chassis.

Gwirani ntchitoyi injini itazizirira usiku wonse. Chivindikiro cha rediyeta sititsegula injini ili yotentha, madzi ake amathovoka n'kusupula nkhope, ine ndaonapo mnyamata atapsa dzanja lonse. Chotsani waya wa negative pa batire, chifukwa mukhala mukugwira pafupi ndi alternator, makina otchaja batire aja. Ikani beseni pansi, tsegulani kampopi kapulasitiki kamene kali m'munsi mwa rediyeta, kapotokoleni ndi zala, musagwiritse pulayasi.

Tsopano tsatirani paipi yaikulu ya m'munsi kuchokera ku rediyeta. Pamene yakalowera mu injini, chakutsogolo, pansi pa manifold, mapaipi olowetsa mpweya mu injini aja, pali kachigongono komangidwa ndi manati awiri a sipanala 10. Thermostat imakhala kuseri kwa kachigongonoko. Ambiri amafuna ku paipi ya m'mwamba, pa injini imeneyi kulibe. Malowo ngopanikiza, mufunika soketi yokhala ndi extension, ndipo ikani kansalu pansi pake kuti nati ikapulumuka isasowe. Mukachotsa, pukutani pamene pakhale labala mpaka payere. Ngati amene anachotsa uja anamatapo silikoni, ipaleni yonse ndi kapulasitiki kapena kamtengo, osati mpeni, pakuti injiniyo ndi ya aluminiyamu, imakandika msanga.

Poika pali zinthu ziwiri zimene anthu amalakwitsa. Mbali ya sipuling'i iloze mkati mwa injini. Chachiwiri, pa mbale ya thermostat pali kabowo kokhala ndi kachitsulo kogwedera, timati jiggle valve. Kameneko kakhale pamwamba penipeni, ngati muvi wa wotchi pa 12 koloko, chifukwa ndi pamene pamatulukira mpweya mukamathira madzi. Manati aja mangani mosinthana, iyi pang'ono, iyo pang'ono. Buku la Toyota limati 9 Nm, kutanthauza kuti ikangogwira basi, osakakamiza ndi mphamvu. Mukathyola stud, kachitsulo komangapo nati kaja, pamenepo ndiye kuti ntchito yakula.

Pothira madzi thirani pang'onopang'ono, kwinaku mukufinya mapaipi awiri aja. Ikani hita pa kutentha kwenikweni, lizani injini chivindikiro chili chotsegula, muziwonjezera madzi akamatsika. Gwirani paipi ya m'munsi. Poyamba izikhala yozizira pamene ya m'mwamba ikutentha, kenako mudzamva yatentha mwadzidzidzi, apo ndiye kuti thermostat yatseguka. Thovu likasiya, tsekani, dzazani kabotolo kam'mbali mpaka pa FULL. Mawa lake m'mawa yang'ananinso, madzi amatsikako.

Koma chimene ndikufuna mumvetsetse n'chakuti galimotoyo inkaboila isanafike kwa inu, ndipo palibe amene anakuuzani kuti chinkaiboilitsa chinakonzedwa. Mwina inali thermostat yomweyo, mwinanso ayi. Rediyeta yotsekeka ndi dzimbiri, fani yofooka, chivindikiro chimene chatha mphamvu, water pump (pampu yozungulitsa madzi) kapena head gasket (chomatira pakati pa silinda hedi ndi thunthu la injini), chilichonse mwa izi chikhoza kukhala chikubisala chifukwa injini ikuyenda yozizira. Mukaika yatsopano musayambe ndi ulendo wa ku Lilongwe. Yendani pafupi ndi kunyumba, maso pa geji. Muvi uime chapakati ndipo usasunthe. Ukapitirira, imani, zimitsani, mutiuze.

MlongoWanuKuJoni

Ndionjezereko za madzi, poti aphunzitsi anafunsa. Ine ndimagwira ntchito pa shopu ya masipeyala kuno ku Johannesburg, ndipo abale athu akamatumiza magalimoto kumudzi ndimawachonderera kuti asamathire madzi a pamjigo kapena a pampopi okhaokha. Madzi amenewa amasiya miyala yoyera m'timapaipi ta rediyeta ndipo amadya zitsulo. Coolant, mankhwala othira mu rediyeta aja, si woletsa madzi kuuma ndi chisanu kokha. Amateteza dzimbiri, amathandiza water pump, ndiponso amachedwetsa kuwira. Ku Nsanje akufunika chimodzimodzi ndi ku Dedza.

Wa Toyota alipo wa pinki, Super Long Life, amene amabwera wosakaniza kale, musathiremo madzi. Wofiira uja amafuna kusakaniza theka ndi theka ndi madzi a batire, odistila aja, osati asidi. Werengani pabotolo musanathire.  Poti mwati muli dzimbiri, tsukani kaye mkati mwa injini ndi rediyeta, thermostat yatsopano isanalowe: thirani madzi oyera, lizani injini pang'ono, idikireni izizire, tsanulani, mubwereze mpaka otulukawo aziwoneka oyera.

Musanaiike iyeseni. Imangeni ndi kawaya, ilendewere m'poto wamadzi osagunda pansi, ikani pambaula. Kwanu kumapiriko madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95, ndiye iyenera kuyamba kutseguka madzi asanawire, akamabwata ikhale yayasama bwino, ikazizira itsekenso. Zabodza zachuluka, zimabwera m'mabokosi okongola, ndipo poto yekhayo ndi amene angakuuzeni zoona. Potoyo mum'tsuke bwino pambuyo pake.

Chonde, bambo, mwati muli ndi ana. Coolant ndi poizoni woopsa ndipo amatsekemera. Beseni lisasiyidwe pabwalo ngakhale kwa kanthawi, galu kapena mwana akamwa impso zimaonongeka. Wotsala asasungidwe m'botolo la zakumwa, ndipo wakale asatayidwe pafupi ndi chitsime kapena kudimba.

MphunzitsiWaKuDedza

Zikomo nonse. Achimwene a ku Nchalo, ndamva mantha anu, n'chifukwa chake ndinayesa kaye m'poto monga ananenera alongo athu a ku Joni. Inatseguka madzi asanawire, n'kutsekanso itazizira.

Ndaiika Loweruka. Kuseri kwa kachigongono kuja ndinapeza chimphete chokha cha thermostat yakale, mtima wake anaudula, pozungulira ponse silikoni. Kupala silikoniyo ndi kutsuka dzimbiri ndi kumene kunanditengera nthawi, kumanga kwenikweniko kunali kwachangu. Panopa muvi ukufika pakati ndisanatuluke m'tauni, hita ikutentha, galasi likuyera lokha. Pansi sipakudontha.

Koma ndaona chinthu china, bambo a pagaraja. Fani ya rediyeta ikumazungulira ndikangotembenuza kiyi, injini ili yozizira, AC ili yozimitsa, ndipo siima mpaka nditazimitsa galimoto. M'bokosi la mafyuzi la kuboneti muli kawaya kolumikizidwa pamene pakuoneka kuti pankakhala relay, kaswitchi koyatsa ndi kuzimitsa fani. Kodi ndikachotse? Komanso pokwera chitunda ndi anthu anayi muvi unakwerako pang'ono kupitirira pakati, n'kubwerera nditafika pamwamba.

MkuluWaPaGaraja

Mwagwira ntchito, aphunzitsi. Kawayako musakazule nokha. Anaika fani ya direct, ndipo amene amachotsa thermostat kawirikawiri amachitanso zimenezi. Mukakachotsa popanda kubwezera relay, fani siizunguliranso, galimoto idzaboila mutaima pamzere wa petulo. Pa injini imeneyi kompyuta ndi imene imayatsa fani, ikamva kwa sensa kuti madzi apitirira madigiri 90 ndithu, kapena AC ikayatsidwa. Pitani kwa wa zamagetsi a galimoto abwezere relay yoyenera, ayeze sensa ndi mawaya ake, ndipo musachoke pamalopo musanaone ndi maso anu fani ikuyaka yokha n'kuzima yokha.

Za muvi wokwera pachitundazo musazinyozere. Fani ikuzungulira nthawi zonse, kunja kukuzizira, koma muvi n'kumasunthabe, ine ndikukayikira rediyeta. Injini itatentha, zimitsani, chotsani kiyi, muyendetse dzanja mosamala pafupi ndi nkhope ya rediyeta. Mukapeza malo ena ozizira pakati pa otentha, timapaipi tatsekeka, ikufunika kutsukidwa kwa okonza marediyeta kapena kusinthidwa. Gulaninso chivindikiro chatsopano cha nambala yofanana ndi imene yalembedwa pa chakalecho. Ndipo m'mawa musanalize, tsegulani chivindikiro, lizani, muyang'ane m'khosi mwa rediyeta. Thovu likamatuluka mosalekeza injini ikadali yozizira, kapena mukaona zoyera ngati chambiko pansi pa chivindikiro cha oilo, musaiyendetsenso, tikambirane za head gasket.