Phula likumata mavavu a jenereta, ndani anayesapo gasi wa nkhuni?

Akuluakulu muli bwanji, ndithandizeniko nzeru. Ine ndili kuno ku Chipata, ndi kuzimazima kwa malaiti komanso kudula kwa petulo ndinapanga ka gasifaya (kachipangizo kotentha nkhuni ndi mpweya wochepa kuti zitulutse gasi woyaka) kuti jenereta iziyendera gasi wa nkhuni, mgolo ndi mapaipi anandiwotcherera mnyamata wina ku Kapata. Gasi akutuluka ndithu, ukayatsa kukamwa kwa paipi moto ukugwira koma ndi wachikasu osati wabuluu, ndiye jenereta ikalira madzulo m'mawa mwake mavavu amapezeka amatirira phula lakuda bii, kukoka chingwe mpaka phewa kuwawa koma osalira.

Sefa yanga ndi ndowa ya utuchi ndi kansanza pamwamba basi. Kodi vuto ndi sefayo kapena moto sukutentha mokwanira pakhosi pa gasifayayo (popapatiza pomwe gasi amadutsa pamoto) kuti phula lipse? Nkhuni ndimadula tizidutswa ngati bokosi la machesi, ngakhale dzinja lino kuuma kwake nkokayikitsa. Ena akuti ndiziika makala poti phula lambiri linachoka kale powotcha, ndi zoona, koma mtengo wa thumba la makala mukuudziwa nokha, pomwe zitsononkho ndi makoko a nshawa zangoti mbwee kumudzi ku Katete. Alipo anayesapo zitsononkho? Phulusa lake silitseka pansi?

Ku Europe nthawi ya nkhondo ya 1939 mpaka 1945 magalimoto ambirimbiri ankayendera gasi yemweyu, ndiye ife kajenereta kokha katikanike? Za carbon monoxide (mpweya wapoizoni womwe uli mu gasiyu) musadandaule, ndimayatsira panja kutali ndi ana. Ngati wina muli nayo ikugwira bwino cha ku Chipata konkuno ndiuzeni, ndibwere Loweruka ndidzaone ndi maso.