Mbale ya Nina Simone ya 180 gram, ndigule kapena ndisiye?

WakuLuchenza:
Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Madala atamwalira anandisiyira gumbagumba yawo ya Pioneer ija ankaliza Lamulungu lililonse akapuma ku esiteti, ndi katoni ya mbale. Ya woimba wa ku America uja Nina Simone, yotchedwa Pastel Blues ya 1965, ndiye inatheratu, singano ikafika pa nyimbo ya Sinnerman imangodumphadumpha, piyano kumveka ngati wina akukazinga chimanga. Achimwene ali ku Joni akuti aiona yatsopano ija anadindanso a makampani a Verve ndi Acoustic Sounds mu 2020, ya 180 gram, koma mtengo wake wandiumitsa mkamwa. Kulemera kumeneku kumasinthadi kamvekedwe?

ChitakaleJazz:
Achimwene kulemera kusakunamizeni, 180 gram imangothandiza kuti mbale ikhale bwino osapindika msanga, basi. Chimene mukulipira ndi poti anabwerera ku matepi oyambirira aja ndi kudula mwatsopano, kenaka kukadinda ku fakitale ya Quality Record Pressings ku Salina, Kansas, kumene amasamala kwambiri. Ine ndinaimva kwa mnzanga ku Blantyre, pamene piyano imasiya nkuyamba kuomba m'manja paja, thupi lonse linachita tsembwe, kumamva mayi aja akupuma ngati ali pabalaza pomwepo. Nyimbo ya mphindi 10 koma sitinalankhule mpaka kutha. Paja mayiwa anaphunzira piyano ya classical kuyambira ali mwana, dzanja lamanzere lija limafuna mbale yoyera kuti ulimve.

AnabandaBvumbwe:
Musanagule yambani mwasintha singano chonde. Ya madala anuyo mwina ili ndi zaka 30, iwononga mbale yatsopanoyo tsiku limodzi mudzalira. Auzeni achimwenewo agule limodzi katiriji (kamutu kokhala ndi singano kaja) ya Audio-Technica AT-VM95E, muitchere kuti izikanikiza mbale ndi 2 gram. Komanso lamba wa mkati wozunguza mbale uja muone ngati sanatamuke, akatamuka mawu amakoka ngati kaseti yakale.

ChitakaleJazz:
Zoona amayi. China ndi ulendo, basi ya ku Joni imadutsa ku Tete ndipo kutentha kwa kumene kuja mukukudziwa, mbaleyo akaiika pansi ndi katundu ifika itapindika ngati chipewa. Aipatse munthu ainyamule m'manja, choimika, pakati pa makatoni awiri. Ikafika ndiye mdani ndi chiperoni chathuchi, ine zanga zisanu zinachita nkhungu June wapitayu chifukwa ndinazitsamiritsa kukhoma, zimandipwetekabe mtima. Muike pa shelefu kutali ndi khoma, ndipo potsuka osagwiritsa sipiliti, madzi osungunula aja timathira mu batire ndi kansalu kofewa zakwana.

WakuLuchenza:
Zikomo kwambiri nonse. Ndawaimbira achimwene, tayamba ndi singano ndi lamba mwezi uno, mbale adzabwera nayo okha pa Khrisimasi. Yakale ija sinditaya, pachikuto pali dzina la madala analemba okha ndi bolopeni.