Zidole zokopera nkhukundembo zam'tchire: tambala akuimira patali, vuto lili pati?

Mlendo wa ku Pennsylvania

Akuluakulu, ndipempheko nzeru pa ulenje wa nkhukundembo zam'tchire kuno ku America, nyengo ino ya Meyi. Chidole chilipo chimodzi, cha thadzi loimirira, ndipo chikumazikidwa pakati pa munda, mayadi ngati 30 kuchokera pamene mlenje wakhala. Tambala akaitanidwa ndi choitanira chotsanzira kulira kwa thadzi akumayankha bwinobwino, n'kutuluka m'nkhalango, koma akangochiona chidolecho akumaima pa mayadi 70 kapena 80, n'kutambasula chipsepse, kumangozungulirazungulira pomwepo mpaka kubwerera. Kodi cholakwika ndi chidolecho, malo ake, kapena kaitanidwe? Nanga kugula chidole cha tambala wamkulu wotambasula chipsepse kungathandize? Mfuti ndi ya 12 gauge, yoponya tizipolopolo tambiri nthawi imodzi.

Nsanamira

Achimwene, tambalayo sakulakwa ayi, akuchita mwa chibadwa chake. Kutchire, tambala akalira ndi kutambasula chipsepse, thadzi ndi limene limapita kwa iye. Inu mwamuonetsa thadzi poyera, akuliona ali kutali, ndiye waima n'kumadzionetsa, kudikira kuti libwere. Likapanda kusuntha amatopa n'kumapita. Thadzi loimirira njo, khosi m'mwamba, limaonjezera vuto, chifukwa umu ndi mmene nkhukundembo imaimira ikaona choopsa.

Chimene chimamuyendetsa mayadi 50 otsalawo ndi nsanje. Pezani chidole cha tambala wamng'ono wa chaka chimodzi, amene alenje kuno amamutcha jake, wa ndevu (tsitsi lolendewera pachifuwa) zazifupi, nthenga atangozifufumitsa pang'ono. Thadzi muchichotse pachikhomo, muchikhazike pansi penipeni ngati thadzi logonera kuti likweredwe, ndipo jake mumuzike phazi limodzi kapena awiri kumbuyo kwake. Tambala wamkulu akaona kamnyamata kakufuna kukwera thadzi m'dera lake, kawirikawiri amabwera akuthamanga. Amalunjika kwa jake poyamba, osati kwa thadzi, choncho jake ndi amene ayenera kukhala pamalo enieni amene mukufuna kuomberapo.

Mayadi 30 achulukitsa. Zikani pa mayadi 15 mpaka 20, muwerenge mapazi. Chifukwa chake n'chapafupi: tambala wochenjera amaima mayadi 15 kapena 20 asanafike pa zidole. Zidole zikakhala pa 30, iye waima pa 50, pamene tizipolopolo twamtovu twamwazikana kale ndipo mungomuvulaza. Zikakhala pa 18, waima pa 38, akadali m'kati mwa mayadi 40 amene mfuti yanuyo imapha bwino.

Zinanso ziwiri. Musaike zidole pakati pa inu ndi kumene tambala akuchokera, chifukwa maso ake akapitirira chidole agwera pa inu, ndipo nkhukundembo imaona ngakhale kugwedezeka kwa dzanja. Ziikeni chammbali, kapena mopitirira pang'ono mbali inayo, kuti pozitsata adutse patsogolo panu. Ngati mumaombera dzanja lamanja, zikhale chakumanzere kwanu, poti mfuti imatembenuka mosavuta kupita kumanzere mutakhala pansi. Ndiye jake ayang'ane kwa inu. Tambala amadzera kumaso kwa mnzake wamwamuna kuti ayang'anizane, motero amakupatsani msana, chipsepse chake chomwe n'kumuphimba maso pamene mukukweza mfuti.

Akangoziona zidole n'kuyamba kuyenda, lekani kuitana. Kuitana kopitiriza kumamuuza kuti thadzi likumufunabe, ndiye amaimanso n'kuyambiranso kudzionetsa.

Mai a Uta

A Nsanamira afotokoza bwino za pamunda, koma pa jake sindikugwirizana nawo kwathunthu. Zimatengera kuti nyengo yafika pati komanso tambala amene mukulimbana naye ndi wotani.

Kumayambiriro kwa nyengo atambala amakhala akadamenyerana ufumu, ndipo chidole chachimuna chimakoka kwambiri. Pofika pakati pa Meyi, ambiri amenyedwa kale, akudziwa malo awo. Tambala wa zaka ziwiri amene wakhala akukunthidwa ndi wamkulu akaona chidole chotambasula chipsepse chonse, amapinda nthenga n'kulambalala. Ndiye pa funso lanu lachiwiri, achimwene, chidole cha tambala wamkulu musathamangire kugula. Kawirikawiri chimakopa mfumu ya deralo yokha, ena chimawathamangitsa, chikhalirenicho n'cholemera kunyamula. Ngakhale jake amene, pakatha chaka anapiye ataswa ambiri, tiatambala tating'onoti timayenda m'magulu a anayi kapena asanu n'kumagwirizana kumenya tambala wamkulu ali yekha. M'dera lotero wamkuluyo akaona mutu wofiira wa jake safuna n'komwe kuyandikira. Mukaona kuti wafika, wayang'ana, nthenga wazigoneka n'kutembenuka, mawa lake jake asiyeni m'thumba. Ikani thadzi limodzi lokha lowerama ngati likutola chakudya. Limeneli limanena kuti pano pali mtendere.

Nthawi imene thadzi limodzi limagwira ntchito koposa ndi cha m'ma 9 mpaka 11 m'mawa, m'masabata amene mathadzi enieni ayamba kuikira ndi kufungatira. Amamusiya tambala yekha n'kupita ku zisa, iye n'kumayendayenda akusakasaka. Alenje ambiri nthawi imeneyo abwerera kale kukamwa tiyi.

Koma mawu anga aakulu ndi awa: m'nkhalango yothinana, chidole musaike n'komwe. Tambala akamva thadzi koma osaliona amakakamizika kuyenda kuti alifunefune. Khalani pamalo poti pamene angayambire kuona kumene kukuchokera mawu akhale ali kale m'mayadi 30 kapena 35: kuseri kwa kachitunda, pokhotera kanjira, kuseri kwa zitsamba. Akasuzumira, mutu uli m'mwamba, mwamupeza. Chidole ndi cha pamtetete, pamene tambala akhoza kuona munda wonse ndipo akapanda kuona thadzi limene akulimva amakayikira. Ngakhale pamundapo, m'malo mozika pakati, zikani m'mphepete, pakona kapena pamene pali kotsetsereka, kuti azichiona atayandikira kale.

Kwa osaka ndi uta ali m'katenti kobisalamo, zidole zibwere pafupi kwambiri, mayadi 8 mpaka 12, chifukwa malo ophera pa nkhukundembo ndi ochepa ngati chibakera. Katentiko nkhukundembo sizikaopa ngakhale mutakaimika lero lomwe pakati pa munda, zimene agwape sangalole.

Gogo Chifefe

Ana anga, zonsezi n'zoona, koma palibe amene wanenapo za mlenje mnzanu, ndipo ameneyu ndi woopsa kuposa china chilichonse m'tchiremo. Zidole za masiku ano, za makampani a Avian-X kapena Dave Smith Decoys, zimapusitsa munthu monga zipusitsira tambala. Mukazika jake wa mutu wofiira pamalo aboma pamene aliyense amaloledwa kusaka, mwaika chandamale mayadi 18 kuchokera pa mawondo anu.

Khalani motsamira mtengo wotambalala kuposa mapewa anu, wotalika kuposa mutu. Kuchokera pamenepo, kudutsa pa chidole, muziona patali, mayadi 100 ngati n'kotheka, kuti wina asadzere mbali inayo mobisala n'kuombera chidole inu muli kuseri kwake. Mukamuona munthu akubwera, musagwedeze dzanja, musaimirire, musalize choitanira. Fuulani ndi mawu a munthu, momveka. Poyenda, chidole chilowe chonse m'thumba, mutu usatulukire, ndipo ndi bwino kumangirira nsalu ya olenji pathumbapo. Zovala zofiira, zoyera kapena zabuluu musavale, ngakhale sokosi kapena malaya am'kati oonekera pakhosi, chifukwa imeneyi ndi mitundu ya mutu wa tambala. Pamalo aboma odzaza alenje, ine ndingati tengani thadzi lokha.

Malamulo amasiyana boma ndi boma, muwerenge kabuku ka chaka chomwecho. Ku Pennsylvania kwanuko, nyengo ino amalola kupha ya ndevu yokha, ndipo posaka muyenera kuitana mutakhala, kunyang'amira nkhukundembo n'koletsedwa. Ndiye zimene mumaona pa YouTube, munthu akukwawa atabisa nkhope kuseri kwa chipsepse, musayese. Theka loyamba la nyengo ulenje umathera 12 koloko masana. Ku Michigan amaletsa zidole zoyenda ndi makina kapena batire. Ku Alabama, kuyambira 2022, anaika lamulo loti zidole zisagwiritsidwe ntchito masiku 10 oyambirira a nyengo, pofuna kuti atambala akuluakulu ayambe akwera mathadzi asanaphedwe. Zimenezi zikuonetsa zokha kuti zidole zachimuna zimapha kwambiri kumayambiriro.

Mlendo wa ku Pennsylvania

Zikomo kwambiri nonse, zamveka. Katsala kamodzi: kukakhala mphepo chidole chikumazungulira pachikhomo. Zimenezi n'zabwino kapena zimaopseza?

Nsanamira

Kugwedezeka pang'ono n'kwabwino, kumachipatsa moyo. Kuzungulira kotheratu n'koipa, palibe mbalame imachita zimenezo. Zikani timitengo tiwiri, kena mbali ino ya mchira, kena mbali inayo, motalikirana ngati chikhatho chimodzi kuchokera ku mchirawo, kuti chizitembenuka pang'ono n'kugunda. Chikhomo chilowe mowongoka. Chidole chopendekeka chimaoneka chodwala.

Yang'ananinso kunyezimira. Mame akauma ndipo dzuwa likawomba pa pulasitiki yosalala kapena penti yoperepeseka, chimawala, tambala n'kuchidziwa ali kutali. Dzuwa likakwera chisunthireni pamthunzi wa m'mphepete. Zidole zopinda muzizitulutsa m'thumba usiku wake kuti makwinya awongoke. Udzu ukatalika kufika m'mawondo, thadzi logona pansi silioneka, ndiye libwezereni pachikhomo kapena pondani udzu pozungulira. Pozika m'bandakucha musayandikire mtengo umene nkhukundembo zagona kupitirira mayadi 100 mpaka 150, osayatsa tochi, chifukwa zili m'mwambamo zimaona munda wonse.

Pomaliza pake pamavutanso. Tambala akafika pa zidole pa mayadi 15, mfuti ya choke yothina, ndiye kuti yopanikiza kukamwa, imaponya tizipolopolo tonse mothinana kwambiri, ndipo mutu wake sukhazikika pamene akumenya jake. Ambiri amaphonyera pafupi pomwepa, osati patali. Yesani mfuti papepala pa mayadi 15, 25 ndi 40 nyengo isanayambe kuti mudziwe pamene imagunda. Musaombere ali chitambasulire, khosi litalowa m'nthenga. Lizani choitanira kamodzi mwamphamvu, akweza mutu, ndiye lozani pakhosi pamene nthenga zathera, tsaya lili pamfuti, mutaonetsetsa kuti ndevu mwaziona ndipo kumbuyo kwake kulibe thadzi lenileni.